Lamya ya m'Hotela: Funsani Mtengo Musanaimbe

Mwezi uno tikambirane za munthu wa pa ulendo ndi ndalama zake. Masiku ano ndi midzi yochepa imene ilibe mwana wake kunja. Ena ali ku Johannesburg, ena ku Lusaka kapena ku Harare, ena ku London, ndipo ena amatumidwa ndi a kuntchito kwawo ku misonkhano ya masiku owerengeka. Munthu wotere akangotula katundu m'chipinda cha hotela, mtima umathamangira kumudzi. Afuna kudziwitsa a kunyumba kuti wafika bwino, afunanso kumva ngati wodwala amene anamusiya uja wadyako phala. Pambali pa kama pali lamya yongodikira dzanja lake. Nthawi imeneyo ndi imene ambiri agwera m'ngongole, pakuti munthu wotopa ndi wopukwa safunsa mtengo.

Ndalama imene imatayika motere si ya wapaulendo yekha. Ndi ndalama imene ikadagula thumba la feteleza, ikadalipira sukulu ya mwana, kapena ikadagulira mayi okalamba bulangete. Tsono nkhani iyi ndi ya banja lonse, opita ndi otsala omwe.

Chifukwa chake lamya ya m'chipinda imakwera mtengo

Lamya imene ili m'chipinda chanu siilumikizana ndi kampani ya lamya mwachindunji. Imayamba yadzera pa makina a hotelayo, ndipo n'chifukwa chake m'mahotela ambiri mumayamba mwadina nambala 9 kapena 0 kuti mawu anu atuluke kunja. Makina amenewo ndiwo amawerenga nthawi ndi kulemba mtengo pa bilu ya chipinda chanu. Mtengowo amauika ndi eni hotela, ndipo kwa iwo lamya ndi malonda, monga zilili zakumwa za m'kafiriji ka m'chipinda muja, zimene mtengo wake susiyana ndi wa m'sitolo pang'ono ayi.

Pali njira zinayi zimene bilu imatupira. Yoyamba ndi mtengo wa mphindi iliyonse, umene umaposa wa kampani ya lamya, nthawi zina kangapo. Yachiwiri ndi ndalama yolumikizira, imene imalembedwa ulendo uliwonse mwaimba, ngakhale mwangonena mawu awiri. Yachitatu ndi kawerengedwe ka nthawi: mukapitirira mphindi ndi masekondi ochepa okha, makina amawerenga mphindi yathunthu. Yachinayi ndiyo yodabwitsa. Makina ena, makamaka akale, sazindikira ngati munthu wayankha kapena ayi. Amangoyamba kuwerenga pakatha masekondi ena lamya ikulira. Motero munthu amene anadikira moleza mtima kuti agogo atuluke m'khitchini akayankhe, amalipira ngakhale sanayankhule ndi wina aliyense. Palinso mahotela amene amalipiritsa pa manambala amene kwina konse ndi aulere.

Tiyeni tichite masamu monga m'kalasi. Manambala awa ndi ongophunzirira, si mitengo ya hotela ina iliyonse. Tiyerekeze kuti kampani ya lamya imalipiritsa K500 pa mphindi. Hotela yawirikiza mtengowo katatu, wafika K1,500, ndipo yaikapo K2,000 yolumikizira. Bambo wina wayankhula ndi akunyumba kwake mphindi 6 ndi masekondi 10, makina awerenga mphindi 7. Mphindi 7 pa K1,500 ndi K10,500. Tikaphatikiza K2,000 ija yakwana K12,500. Pa mtengo wa kampani sakadapitirira K3,500. Akachita chimodzimodzi usiku uliwonse kwa masiku 5, bilu yake ndi K62,500 m'malo mwa K17,500. Wataya K45,000, ndipo palibe amene wamubera, pakuti mitengoyo inalembedwa pa kapepala kamene kanali m'kabati ya pambali pa kama, kamene iye sanakawerenge.

Zimene zinachitika ku America

Vuto ili si la lero. M'zaka za m'ma 1970 alendo a ku America opita ku Ulaya ankadandaula kwambiri ndi ndalama zimene mahotela ankaonjezera pa lamya zoimbira kwawo. Kampani ya AT&T, poona kuti anthu ayamba kuopa kuimba, inayambitsa pangano lotchedwa Teleplan, limene mahotela olowamo ankalonjeza kusapitirira malire ena poonjezera mtengo. Mahotela a ku Ireland, Israel ndi Portugal anali m'gulu la oyamba kulowa m'panganoli. Kumene kunalibe pangano lotere, alendo ankalangizidwa kukaimbira ku positi ofesi, kapena kuimba mwachidule ndi kupempha a kunyumba kuti awaimbirenso iwo.

Koma phunziro lalikulu linadza m'dziko la America mwenimwenimo. Pa 1 January 1984 kampani ya AT&T, imene kwa zaka zambiri inkagwira pafupifupi ntchito yonse ya lamya m'dzikomo, inagawidwa, ndipo mpikisano pa lamya zoimbira kutali unakula. Mpikisano unatsitsa mitengo kwa anthu oimbira m'nyumba zawo, popeza iwo ankasankha okha kampani. Kwa wapaulendo zinthu zinatembenuka. Kunabuka timakampani tolumikiza lamya, timene tinkapita kwa eni mahotela, zipatala, sukulu zaukachenjede ndi eni lamya za m'mbali mwa msewu ndi kuwauza kuti akalola lamya zawo kudzera kwa ito, adzalandira gawo la ndalama iliyonse. Taonani pamene panagona nkhani: wosankha kampani anali mwini nyumba, koma wolipira anali mlendo. Mwini nyumba sankafuna kampani yotsika mtengo. Ankafuna imene imupatse gawo lalikulu. Ndipo gawo lalikulu likadachokera kuti, kupatula m'thumba la mlendo?

Munthu ankadina 0, n'kumaganiza kuti akuyankhula ndi kampani imene anaizolowera, ndipo choona ankachidziwa patapita milungu, bilu itafika. Malo ena ankatseka dala manambala amene munthu akadafikira nawo kampani yake. Nthawi zinanso lamya inkapatsiridwa kwa kampani ina ili mumzinda wakutali, ndipo munthu ankalipira ngati waimbira kuchokera mumzinda umenewo, kumene sanapondeko n'komwe.

Madandaulo atachuluka ku bungwe la boma loyang'anira za lamya, la Federal Communications Commission, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1990 lotchedwa Telephone Operator Consumer Services Improvement Act. Lamuloli linati kampani yolumikiza lamya izitchula dzina lake momveka munthu asanayambe kulipira. Izimulola kudula lamya popanda kulipira isanalumikizidwe. Izimuuza mitengo yake kwaulere akafunsa. Ndipo mwini lamya azimata pafupi ndi lamyayo dzina la kampaniyo ndi kumene munthu angakadandaule, osatsekanso njira yofikira makampani ena. M'chaka cha 1998 bungwe lija linaonjezera kuti munthu aziuzidwa, lamya isanalumikizidwe, momwe angamvere mtengo wonse wa kuimba kwake.

Koma lamulo silithetsa kuchenjera kwa anthu. M'zaka za m'ma 1990 zomwezo kampani ina ya ku Texas inalembetsa ku boma maina a malonda odabwitsa, monga "I Don't Care" ndi "It Doesn't Matter", kutanthauza kuti "zilibe kanthu kwa ine" ndi "ina iliyonse". Wolumikiza lamya akafunsa munthu kuti afuna kampani iti, iye n'kuyankha mosasamala kuti zilibe kanthu, ankamulumikiza ku kampani ya dzina limenelo, imene mitengo yake inali yoposa ya makampani akuluakulu. Munthu anasankha yekha ndi pakamwa pake, osadziwa kuti wasankha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo apa tionjezere kuti wonena kuti "chilichonse" amapatsidwa chimene wogulitsa wakonda.

Lamya za m'mbali mwa msewu

Lamya yoponyamo ndalama inayamba ku Hartford, m'chigawo cha Connecticut, m'chaka cha 1889, mwa luso la William Gray. Kwa zaka zoposa 100 inali bwenzi la wapaulendo ndi la mmphawi wopanda lamya m'nyumba. Ku America zinaposa 2 miliyoni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma telefoni za m'manja zitafala zinayamba kuzulidwa, ndipo mu May 2022 mzinda wa New York unachotsa yomaliza mwa lamya zake za mumsewu. Ku Britain, kumene timanyumba tofiira tija tinatchuka, bungwe la Ofcom linanena m'chaka cha 2021 kuti lamya zonse za m'mbali mwa msewu zinatsala pafupifupi 21,000. Kuno kwathu akuluakulu akukumbuka kuima pamzere ku positi ofesi kudikira kuti wolumikiza apeze njira, ndi nthawi ya matelefoni byuro, pamene mwini malo ankayang'ana wotchi inu mukuyankhula. Zonsezi zinazilala pamene TNM inayamba mu 1995 ndi Celtel mu 1999, ndipo telefoni inalowa m'thumba la munthu wamba.

Wina angafunse kuti tikuvutikiranji ndi chinthu chimene chikutha. Yankho lake ndi lakuti zochepa zimene zatsala zili pamalo pamene munthu amakhala wosowa pogwira: pa bwalo la ndege, pa siteshoni, padoko. Ndipo zina mwa izo sizilandira ndalama zachitsulo, zimafuna khadi la ku banki. Lamya yoponyamo ndalama inali ndi ubwino umodzi waukulu: ndalama zanu zikatha, inkaduka. Simukadataya zoposa zimene munaponyamo. Ya khadi la ku banki siiduka, ndipo mtengo mumauona mutafika kale kwanu. M'chaka cha 2012 nyuzipepala za ku America zinalemba za asilikali a dzikolo amene, podutsa pa bwalo la ndege la Leipzig ku Germany, anaimbira mabanja awo pa lamya zotere, nalipiritsidwa madola makumi angapo pa mphindi zowerengeka. Ngati zinagwera anthu oyenda m'gulu, odziwa chiyankhulo cha pa lamyayo, nanga mwana wa kwathu amene wakwera ndege koyamba?

Msampha womwewo m'thumba lanu

Ambiri lero sakhudza lamya ya m'chipinda, popeza ali ndi yawo. Komatu telefoni ya m'manja ikawoloka malire imasanduka mlendo nayonso. Imagwiritsa ntchito nsanja za kampani ya dziko limenelo, ndipo kampaniyo imalipiritsa kampani yanu, imene imadzatenga ndalamazo kwa inu. Izi ndi zimene amati roaming. Pa dongosolo limeneli nthawi zambiri munthu amalipira poimba, amalipiranso poyankha, ndipo telefoni zamakono zimadya intaneti mwakachetechete ngakhale zili m'thumba, potsitsa zithunzi ndi mauthenga a m'magulu.

Maiko ena anagwirizana kuthetsa vutoli pakati pawo. Maiko a European Union anachotsa ndalama zoonjezera za roaming pa 15 June 2017, ndipo Kenya, Uganda ndi Rwanda anayamba dongosolo lotsitsa mitengo yoimbirana m'chaka cha 2014. Koma chenjerani: mapangano otere amateteza simukhadi za maiko amene ali m'panganomo. Simukhadi ya ku Malawi ikafika ku Paris siilandira chifundo chimenecho. Ngakhale anthu a ku Britain, dziko lawo litatuluka mu European Union, ambiri anayambanso kulipira m'chaka cha 2022. Mitengo yoopsa koposa ndi ya m'ndege ndi m'sitima za panyanja, kumene mawu amadzera pa setilaiti.

Zoyenera kuchita wapaulendo

Choyamba, funsani musananyamuke. Pitani ku ofesi ya kampani yanu, kapena imbani, mumve mtengo wa kuimba, wa kuyankha ndi wa intaneti m'dziko limene mukupitako. Ngati simunakhutire, tsekani intaneti ya pa simukhadi yanu musanawoloke malire.

Chachiwiri, mukafika pa hotela, funsani wolandira alendo mafunso atatu: mtengo wa mphindi imodzi kuimbira ku Malawi ndi wotani, kodi pali ndalama yolumikizira, ndipo kodi WiFi ndi yaulere? Palibe manyazi pa kufunsa. Amene amagula nsomba pamsika osafunsa mtengo sitimutcha waulemu.

Chachitatu, lamya ya m'chipinda muisunge kuti ikhale yoitanira a pahotela pomwepo, yolandirira mauthenga, ndi ya pa ngozi. Kawirikawiri kuyankha lamya m'chipinda sikulipiritsidwa, choncho mnzanu wa mumzinda womwewo angathe kukuimbirani. Manambala a pa ngozi muwadziwe: 112 m'maiko a European Union, 999 ku Britain, 911 ku America, ndi 10111 ya apolisi ku South Africa.

Chachinayi, ngati mukhala masiku angapo, gulani simukhadi ya dziko limenelo, ndipo funsani ngati pali bandulo yoimbira kunja. Nyamulani pasipoti, pakuti maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, amafuna kuti simukhadi ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Pewani kugula yolembetsedwa kale m'dzina la munthu amene simumudziwa.

Chachisanu, pamene pali WiFi imbani pa WhatsApp kapena njira ina yotere. Kumbukirani kuti woyankha kumudzi akudyetsa bandulo yake, tsono musiyireni kangachepe musananyamuke, ndipo imbani za mawu okha, popeza za kanema zimadya zambiri. Dziwaninso kuti m'maiko ena, monga United Arab Emirates, kuimba kwa pa WhatsApp kwakhala kukutsekedwa, kotero wopita ku Dubai afunsiretu njira ina.

Chachisanu ndi chimodzi, musalowetse khadi la ku banki mu lamya imene siinakuuzeni mtengo. Ngati mulibiretu njira ina, funsani dzina la kampani ndi mtengo wa kuimba konse. Akakana kunena, bwezerani lamya pamalo pake.

Chachisanu ndi chiwiri, imbani nambala molondola, pakuti nambala yolakwika imalipiritsidwanso. Nambala ya dziko la Malawi ndi 265, ya Zambia 260, ya Mozambique 258, ya Zimbabwe 263, ya South Africa 27, ya Britain 44. Poimbira kwathu muli kunja, yambani ndi chizindikiro cha + kapena 00, ndipo ku America 011. Kenaka 265, ndi nambalayo mutachotsa 0 woyamba.

Chomaliza, pa tsiku lonyamuka pemphani bilu yolembedwa chimodzichimodzi, muiwerenge musanalipire. Mukaona lamya imene simunaimbe, kapena imene siinayankhidwe, nenani mofatsa ndi kupempha kuonana ndi wamkulu wa pamalopo. Nkhani yotere imakonzeka mukadali pa tebulo la wolandira alendo. Mukakwera ndege, madzi atayika, ndipo sawoleka.

Mawu kwa otsala pakhomo

Inunso amayi, abambo ndi ana otsala muli ndi gawo lanu. Wapaulendo ambiri amaononga ndalama chifukwa choopa kuti a kunyumba adandaula. Panganani asananyamuke tsiku ndi ola limene adzaimbe. Nthawi ya ku Johannesburg, Lusaka ndi Harare ndi yofanana ndi yathu. London ili m'mbuyo ndi maola 2 m'nyengo yawo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yawo yotentha. New York ili m'mbuyo ndi maola 7 kapena 6. Ola likakwana, onse ofuna kuyankhula akhale pamodzi, ndipo zofunika zikhale zitalembedwa pa pepala.

Mwambo wathu wa malonje ndi wokoma, ndipo sindikunena kuti tiutaye. Koma pa lamya ya kunja, mmodzi apereke moni m'malo mwa onse, anene za odwala, za maliro ndi za kumunda mwachidule, ndipo nkhani zazitali zidikire uthenga wolemba kapena tsiku lobwera. Amene anakhalapo m'masiku a telegalamu akudziwa kuti mawu khumi osankhidwa bwino amanyamula nkhani yaikulu. Lekaninso chizolowezi chomangoliza lamya ya wapaulendo kuti iye akuimbireni pa nkhani zosafulumira. Iye akaona nambala ya kumudzi mtima umadumpha, naimba pa mtengo uliwonse umene waupeza.

Pali msampha umodzi umene umatchera otsalawo. Nthawi zina telefoni imalira kamodzi n'kuduka, ndipo nambala yake ndi ya dziko lachilendo. Mayi amene mwana wake ali kunja amaganiza kuti ndi iyeyo, naimbanso msanga. Akuba amenewa amadalira chikondi chomwecho: nambalayo ndi ya mtengo wapamwamba, ndipo mayunitsi amatha munthu akumvetsera zopanda pake. Chinyengochi chimadziwika ndi dzina la Chijapani lakuti wangiri. Dziwani nambala ya dziko limene m'bale wanu ali, ndipo nambala ina yachilendo musaiimbirenso. Ngati ndi wanu, adzaimbanso kapena adzalemba. Mukaona kuti kampani yanu yakudulani ndalama mosayenera, yambani mwadandaula kwa iyo, ndipo ikapanda kukuthandizani pitani ku bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira ntchito zimenezi m'dziko muno.

Makina asintha kuchokera pa lamya ya William Gray kufikira pa telefoni ya m'thumba, koma khalidwe la malonda silinasinthe: mtengo umakwera pamene wogula ali mlendo, ali pa changu, ndipo alibe kwina kopita. Tsono makolo, pamene mukulangiza mwana wopita kunja za mayendedwe ndi za anzake, muonjezepo ndi ili, kuti asaimbe lamya imene sakudziwa mtengo wake. Mawu ake tikuwafuna, koma tikufunanso kuti thukuta lake lifike pakhomo.